Amalume Bizwell ndi Mita ya Khama

Loweruka masana, kuseri kwa shopu ya masipeyala ku Kapata, Dolika anatsegula laputopu kuti aonetse amalume ake, a Bizwell, mamita awiri amene anali atangowonjezera pa masewera a pa intaneti opikisana maboti a matanga. Gulu la Amalinyero a Chipata, anthu oti nyanja yamchere sanaionepo, linali loti lisonkhane pompo dzuwa likapendeka kuti lione mamitawo pa TV, ndipo a Bizwell, amene kale ankayendetsa malole, anali ndi chinsinsi chimene chinkayandama mwakachetechete pakati pa Cape Town ndi Brazil.

"Ya kumanzereyi ndi ya liwiro," anatero Dolika, akuloza ndi cholembera. "Ikunena makilomita amene boti lanu likuyenda pa ola."

"Sipido imeneyo, ndikuidziwa. Nanga inayo, ya singano yofiirayo?"

"Imeneyo ndaitcha mita ya khama. Imaona mphepo imene ilipo, n'kuwerengera liwiro limene boti likanafika mukanatchera bwino matanga, kenako n'kuyerekeza ndi mmene mukuyenderadi. Wochita bwino imamupatsa maperesenti oposa 90."

"Ine yandipatsa angati?"

"31."

A Bizwell anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, n'kuwavalanso. Singano sinasunthe.

"Chotsa."

"Ndichotse chiyani, amalume?"

"Yofiirayo. Yafa."

"Siinafe. Ndaiyesa pa boti la a Boaz, tcheyamani wathu. Yanena 94."

"Ndiye kuti yalandira kangachepe."

"Ndailemba ndekha. Ilibe thumba."

"Tamvera, iwe mwana wa mlongo wanga." A Bizwell anasendeza kireti imene anakhalira. "Ine ndayendetsa lole kuchokera pa Mwami mpaka ku Beira, singano ya sipido itagona pa ziro ngati chidakwa. Sindinafunsepo nambala kwa munthu. Dalaivala weniweni liwiro amalimva ndi khutu ndi matako."

"Masewerawa alibe phokoso. Ndipo mwakhala pa kireti."

"Kiretiyi ikundiuza kuti ndikuthamanga."

Dolika anawerama, anaika dzanja pa kireti, n'kudikira pang'ono.

"Yangokhala, amalume."

"Asa! Chabwino. Boti langa ndi lolemedwa. Mita yako siikuwerengera katundu."

"Katundu wanji?"

"Chimanga. Mtedza. Tayala lapadera. Munthu angapite ku Brazil chimanjamanja?"

"Mulibe polongezera katundu m'masewerawa. Maboti onse amalemera chimodzimodzi."

"Ndiye kuti anawapanga ndi munthu woti sanayendepo ulendo."

"Anawapanga ndi anthu oyenda panyanja."

"Ndiye panyanjapo amadya chiyani?"

Dolika anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma a Bizwell anali atagogoda kale pa mapu ndi chala chakuda ndi girizi.

"Komanso taona apa. Cape Town ili pansi. Brazil ili pamwamba. Tili pa chitunda. Pa chitunda munthu wanzeru amaika giya wani, n'kumakwera pang'onopang'ono."

"Nyanja ilibe chitunda."

"Unapitako?"

"Ayi."

"Ndiye ukutsutsa chiyani?"

Dolika anaganiza kaye. Kenako ananyamula laputopu ndi manja awiri, n'kuipendeketsa mpaka Brazil inayang'ana pansi.

"Tsopano mukutsetsereka," anatero. "Ikadali pa 31."

"Bwezera, udzanditayira m'madzi!"

Anaibwezera pa tebulo.

"Ndipo a Boaz akukwera chitunda chomwecho."

"Boaz ntchito yake ndi kuolotsa katundu wa amalonda pa boda. Njira zachidule amazidziwa zonse. Usandiyerekeze ndi Boaz." A Bizwell anatsegula kabati, anafufuza pakati pa mabawuti, n'kutulutsa tepi yakuda ya mawaya. "Ndikuphunzitse nzeru imene ku koleji kulibe. Pa lole, nyali yofiira ikayaka pa dashibodi, sitilimbana nayo."

Anang'amba kachidutswa ndi mano, n'kukamata pa sikirini, pamwamba penipeni pa singano.

"Waona? Vuto latha."

"Latha pa laputopu yanga. Madzulo ano mitayi ioneka pa TV, komanso pa foni ya membala aliyense."

"Aliyense aziona yake?"

"Aliyense aziona ya aliyense."

"Ngakhale a ku Madzimoyo?"

"Ku Madzimoyo tili ndi membala mmodzi yekha, amayi Edita, aphunzitsi aja. Inde, nawonso aziona."

A Bizwell anayang'ana mkombero wa tepi m'dzanja lawo ngati akuuyeza kulemera.

"Tepiyi ingakwanire mafoni onse?"

"Ingakwanire. Koma muyenera kupempha eni ake kuti akupatseni mafoniwo, ndipo afunsa chifukwa."

"Uwauze kuti ndi lamulo latsopano la panyanja."

"Palibe lamulo lotero."

"Iwe, kodi unabadwa ndi rula m'kamwa?"

"Amayi sananenepo zimenezo." Dolika anamatula tepi ija bwinobwino ndi chikhadabo. "Koma pali chimene chikundidabwitsa. Mitayi imasunganso mbiri ya ulendo wonse. Taonani mzerewu. Lachiwiri m'mawa munafika pa 97."

"Ehe! Wamva? 97! Ukamuuze Boaz ameneyo!"

"Kwa kanthawi kochepa. Kenako matanga onse anamasuka, munagwera pa 30. Lachitatu chimodzimodzi. Dzulo kawiri. Mzere wanu ukuoneka ngati mabampu a pa msewu wa ku Katete."

"Pa bampu munthu amachepetsa liwiro."

"Panyanja palibe mabampu. Pali boti ili."

Anakulitsa chithunzi. Maboti ena onse anali atapita kutali, timadontho tothamangira ku Brazil. Pakati pa madzi obiriwira opanda malire panatsala awiri okha: Sachedwa, boti la a Bizwell, ndi kaboti kachikasu kotchedwa Duwa la Thonje. Ankayenda mogundana mapewa, ngati anthu awiri ochokera ku tchalitchi amene sakufuna kufika kunyumba.

"Nthawi iliyonse mukatsala pang'ono kulipitirira, matanga anu amamasuka," anatero Dolika.

"Ndi la ndani limenelo?" anafunsa a Bizwell, akuwerenga malata a kudenga.

"La amayi Edita."

"Ooo. Sindinalione."

"Lakhala pambali panu kuchokera pa doko."

"Nyanja ndi ya boma. Aliyense amadutsa pamene wafuna."

Dolika anaika cholembera pansi. Anayang'ana sikirini, anayang'ana amalume ake, n'kuyang'ananso sikirini.

"Amalume. Ndazindikira."

Kunja munthu wa njinga yonyamula anthu analiza belu, n'kudutsa. A Bizwell anatsitsa mawu.

"Wazindikira chiyani?"

"Zonse."

"Dolika, mwana wanga, tamvera, munthu akamakula..."

"Pali cholakwika m'pulogalamu. Maboti awiri akayandikana kwambiri, lina likumasula matanga a linzake."

A Bizwell anatulutsa mpweya wonse umene anausunga.

"Eya! Ndi zimenezo! Mwana wanzeru iwe! Pulogalamu! Ine ndinakayikira kalekale. Ndiye chotsa mita yakoyo mpaka akonze."

"Ndiyambe ndatsimikiza. Ndiwaimbire amayi Edita."

"Uwaimbire zotani?"

"Ndingowafunsa ngati akudziwa chifukwa chake boti lanu silichoka pambali pa lawo."

"Usayerekeze!"

"Kapena ndilembe pa gulu, onse atithandize kuganiza."

A Bizwell anatsomphola foni ya Dolika pa tebulo, anaiponya m'chitini cha mabawuti, anavundikira, n'kuika phazi pamwamba.

"Netiweki yavuta," anatero.

"Muchitini mumavutadi," anavomera Dolika. "Chabwino, tiyese njira ina. Ndinaikamonso batani ili, lotchera matanga lokha, lothandiza ongoyamba kumene. Ngati vuto lili m'pulogalamu, boti silisuntha."

"Batani liti? Dikira, usa..."

Chala chinali chitatsika kale. Matanga a Sachedwa anafufuma ngati masaya a mwana woba shuga. Singano yofiira inadzuka.

"50. 70. 96. Mwaona, amalume? Boti lili bwino, mita ili bwino."

"Buleki! Ponda buleki!"

"Boti lilibe buleki."

"Handibuleki!"

"Lilibenso."

"Ika mwala kutayala!"

"Lilibe matayala. Ndipo pakati pa nyanja mwala ndiutola kuti?"

"Mayo ine! Wandisiyitsa mayi wa eni yekhayekha pakati pa madzi! Kukada kumeneko? Kukabwera chinsomba?"

"Palibe munthu mmenemo. Ndi chithunzi."

"Choka apo!"

A Bizwell anamukankha ndi chigongono. Zala zawo zonenepa zinavina pa mabatani mofulumira, mosaphonya, ngati za munthu wozolowera. Matanga anafota. Singano inagwa, n'kukagona pamalo ake akale. Koma Duwa la Thonje linali litatsala kumbuyo, kadontho kachikasu kumapeto kwa sikirini.

Dolika anapinda manja.

"Mwamasula nokha."

"Chala chinaterereka."

"Chaterereka pa mabatani oyenera okhaokha, motsatira ndondomeko. Amalume, mumamasula dala."

A Bizwell anakhala pa kireti pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana kuwindo, anayang'ana ngakhale chitini cha mabawuti.

"Ndikuperekeza," ananong'ona.

"Mukuperekeza ndani?"

"Tsitsa mawu! Tsiku loyamba mpikisano, amayi Edita anali muno. Anakhala pa benchi apo. Anati, 'A Bizwell, ine madzi ndimaopa, ngakhale a pa foni.' Ndiye ine, monga munthu woleredwa, ndinati, 'Tiyeni ndikutulutseniko pa doko.' Basi."

"Doko munalidutsa kalekale."

"Ndikudziwa! Koma ndibwerere pati? Kwathu ku Kasenengwa ukaperekeza mlendo umadziwa pothera. Pa mtengo wa mango. Pa kamlatho. Pa mphambano. Umaima, n'kunena kuti, 'Ine ndithere pano, mukafike bwino, mukapereke moni.' Uku kulibe mtengo, kulibe mlatho, kulibe ngakhale chulu. Ndinene kuti ndathera pa funde liti? Onse ndi ofanana!"

Dolika anagwedeza mutu mwachifundo.

"Limeneli ndi vuto lenileni. Bwenzi mutanena poyamba."

Anakokera laputopu kwa iye, n'kuyamba kulemba.

"Ukutani?"

"Ndikukuikirani mtengo. Pa tsamba la gulu lathu ndingathe kujambula chizindikiro paliponse. Mango kapena mkuyu?"

"Mtengo pakati pa nyanja?"

"Ndiuika pa kachilumba."

"Sindikufuna mtengo."

"Mlatho?"

"Wochokera kuti kupita kuti?"

"Chigayo ndiye. Anthu ambiri amathera pa chigayo."

"Adzagayitsa ndani kumeneko, iwe?"

"Mwanena kuti muli ndi chimanga."

"Dolika!"

"Amalume, mwadandaula kuti palibe pobwerera."

"Ndanena kuti palibe. Sindinanene kuti ndikupafuna."

Dolika anasiya kulemba. Anayang'anitsitsa singano, ngati yankho lituluka mmenemo.

"Sindikumvetsa."

"Mlongo wanga anagulitsa ng'ombe kuti upite ku koleji," anadandaula a Bizwell, atagwira mutu. "Tamvera. Amayi Edita akabwera m'tauni amalowa muno. Amafunsa za mapulagi. Ulendo wina amafunsa za fanibeluti. Ulendo wapitawu anafunsa za galasi la kutsogolo la lole. Iwo ali ndi njinga yakapalasa."

"Mwina akukonzekera kugula galimoto."

"Kuyambira ku galasi?"

"Aliyense ali ndi poyambira pake."

"Ine ndimawaonetsa chimene afunsa. Amachigwira, amati n'chokongola, amathokoza, amapita. Chichokereni mayi a ana anga kupita kumanda, pakamwa panga sipanaumepo chonchi. Ine, Dolika! Ine amene ndakhala nkhoswe ya maukwati a ana a anthu mbali zonse. Ndikaima pa bwalo ndimalankhula mpaka apongozi kuwomba m'manja. Koma mayi ameneyu akalowa pakhomo apo, m'kamwa mwanga mumangotuluka mayina a masipeyala."

"Ndi shopu ya masipeyala."

"Panyanja pokha ndi pamene ndimayenda nawo pambali. Sitilankhula. Mphepo imawomba, ife tikuyenda. M'mawa ndikadzuka ndimayang'ana, alipo. Zimandikwanira." Anapukuta magalasi, ngakhale anali oyera. "Ndiye madzulo ano singano yakoyo iime pa TV, iuze Boaz, iuze gulu lonse, iuze mwini wake, kuti Bizwell, woti mphepo amaidziwa, akukwawa dala pambali pa mzimayi wamasiye. Boaz aseka mpaka amumve ku Mchinji. Zimenezo ndingapirire. Koma iwo akachita manyazi? Akatembenuza boti lawo, n'kulowera kwina? Akasiya kufunsa za mapulagi?"

"Mutaya kasitomala woti sagula."

"Ha! Mulungu, ndipatseni mtima."

"Ndikuona njira ziwiri," anatero Dolika, akuwerenga ndi zala. "Ndikabisa mbiri ya ulendo, anthu aona 31 yokha, aganiza kuti simudziwa kuyendetsa. Ndikaisiya, adziwa kuti mumamasula dala. Musankhe."

"Kuti sindidziwa kuyendetsa? Ine?"

"Ndiye yachiwiri."

"Awe!"

"Ndiye yoyamba."

"Yachitatu. Chotsa."

"A Boaz analengeza kale pa gulu."

"Ndiye lembapo 80. Nambala yaulemu, yosanyada, yosachititsa manyazi."

"Mita imanena zimene yaona."

"Iphunzitse ulemu! Mwana akaona mkulu wagwa m'matope amafuula pa msika?"

Dolika anali atasendera pafupi ndi sikirini.

"Amalume. Boti la amayi Edita latchera matanga."

"Bodza. Iwo amangoyenda ndi kathanga kamodzi, kamantha."

"Mita yawo sindinaiyang'anepo. Nditsegule."

"Usatsegule! N'zamwano kuyang'ana mita ya mzimayi." A Bizwell anatembenuzira nkhope kukhoma. Kenako khosi linabwerera lokha. "Ikuti bwanji?"

"55."

"Mphepo yawakankha."

"80."

"Mwina mwana wa sukulu watenga foni yawo."

"Lero ndi Loweruka. Pano ayenera kuti ali m'basi, akubwera kumsonkhano. 93. 98. Amalume, aposa a Boaz. Amayiwa akudziwa kutchera matanga kuposa munthu aliyense m'gulu lathu."

"Oopa madzi aja?"

"Omwewo."

Kadontho kachikasu kanayamba kukula. Kanali kung'amba mafunde, kakusiya mzere woyera kumbuyo. A Bizwell anaimirira.

"Akubwera kwa ine."

"Akulowera ku Brazil."

"Ndi kwa ine kumeneko."

"Inu muli mbali ya ku Brazil. Mita singasiyanitse."

"Kapena akuthawa? Dolika, mwina masiku onsewa ndimawatsekera njira, ndiye aona mpata?"

"Zimenezonso n'zotheka."

"Usavomere msanga chonchi!"

"Mwafunsa."

A Bizwell anapisira malaya m'buluku. Anapukuta girizi ku zala, anasalaza tsitsi ndi chikhatho.

"Mukukonzekera chiyani? Sakukuonani."

"Khala chete, akufika."

Duwa la Thonje linafika kumbuyo kwa Sachedwa. Mphuno yake inalingana ndi pakati pa Sachedwa. Inalingana ndi mphuno inzake. M'shopumo munangomveka wailesi ya telala wa khomo loyandikana. Kenako kaboti kachikasu kanadutsa, osacheuka.

A Bizwell anatsikira pa kireti ngati thumba la simenti.

"Apita."

"Apitadi."

"Chabwino. Akafike bwino. Akapereke moni ku Brazil." Anapumira pansi. "Ika mtengo wako uja. Mango. Ndithere pomwepa."

"Dikirani kaye."

"Ndidikire chiyani?"

"70."

"Ndani?"

"Iwo. 50. Amasula thanga lalikulu. 40. 25."

A Bizwell anadzuka mwadzidzidzi mpaka kireti inagwa chagada. Sachedwa, ndi 31 yake yaulemu, anali akuyandikira pang'onopang'ono, n'kufika pambali pa kaboti kaja, n'kuyamba kukapitirira.

"Ndikuwapitirira! Sendera!" Anadina mabatani. "Ndili pa angati?"

"20."

"Iwo?"

"15."

"Ha! Ndiye tiona." Anadinanso.

"Inu 10. Iwo 6. Inu 4. Amalume, mukapitiriza, mafunde akubwezerani nonse ku Cape Town."

"Kuli bwino ku Cape Town."

"Iwo 2."

"Dolika," anatero a Bizwell, "akundiperekeza."

"N'zosatheka. Woperekeza amafunika woperekezedwa. Ngati inu mukuperekeza iwo, iwo akuperekeza inu, akupita kwawo ndani?"

"Palibe."

"Ndiye si ulendo umenewo."

"Si ulendo ayi," anavomera a Bizwell, akumwetulira ngati mwana wa sukulu.

"Mwina foni yawo yatha moto."

"Foni yotha moto imathamangira munthu pa 98, n'kudzaima pambali pake?"

"Mwina basi yadumpha bampu, chala chaterereka."

"Chaterereka pa mabatani oyenera okhaokha? Tsegula mbiri yawo. Tsegula, usaope, ndaloleza ndine."

Dolika anatsegula. Mzere wa amayi Edita unatambasuka pansi pa wa a Bizwell, wokwera ndi kutsika, wokwera ndi kutsika. Pamene wina ankakwera, winayo ankadikira. Pamene wina ankagwa, winayo ankagwa naye.

"Nawonso ali ndi mabampu omwewo," anatero Dolika motsitsa. Anakanda m'mutu ndi cholembera. Anatseka mbiri, anaitsegulanso. Singano zonse ziwiri zinali zitagona pa ziro, matanga ali lende, pamene mphepo yabwino inkangodutsa yopanda woigwiritsa ntchito.

Kutsogolo kwa shopu kunamveka mabelu a njinga ndi kuseka kwa a Boaz, kumene kumafika munthu asanafike.

"Ayi," anatero Dolika potsiriza. "Anthu awiri akuluakulu, odziwa kuyendetsa, ali pa mpikisano, mphepo ili chonchi, sangaime pa ziro pakati pa nyanja. Masamu ake sakugwirizana. Munanena zoona, amalume, pepani kuti ndinakutsutsani. Mita yafa. Ndiichotse anthu asanalowe."

Chala chake chinanyamuka. Dzanja la girizi linachigwira m'malere.

"Ukaikhudza, usadzanditchulenso kuti amalume," anatero a Bizwell. "Lumikiza pa TV. Ndipo manambalawo uwakulitse, a Edita amakhala benchi la kumbuyo, zapatali saona bwino."